Honda mwagula, koma musasiye kuyenda pansi

Pa msonkhano wa ophunzira akale caka cino, pansi pa mtengo wa mango panaima njinga zamoto zambiri kuposa zopalasa. Tonse tinakondwera, pakuti cimeneco ndi cizindikiro cakuti zimene tinaphunzira pano zikubala zipatso: soya ndi nshawa zikugulidwa, ana ali pasukulu, nyumba zafoleredwa ndi malata. Koma pa nthawi ya cakudya ndinamva amuna atatu akufunsana za mapilitsi a BP, ndipo mnzathu wina, amene kale ankatisiya tonse m'mbuyo pokumba maenje a gamphani, sanaoneke konse. Anagwa m'sitolo mwake m'nyengo yozizira, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Zaka 50 sanakwanitse.

Sindikunena kuti honda ndiyo inamugwetsa. Cimene ndikunena n'cakuti mlimi akayamba kupeza bwino, cinthu coyamba cimene amataya, iye osazindikira, ndi kuyenda pansi. Kumunda apita pa honda, kucigayo pa honda, ngakhale kuchalichi kumene belu lake limamveka ali pakhomo pake.

Ena adzati, "Ife alimi timakhetsa thukuta kale, zoyendayenda n'za anthu a m'maofesi a ku Lusaka." M'mawu amenewa muli coonadi. Kuyambira mvula yoyamba kufikira pokolola, thupi la mlimi wa khasu silipuma. Koma tiwerenge bwino. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, amene alibe dimba amakhala miyezi itatu kapena inayi pamthunzi. Ndipo amene wapita patsogolo akulimitsa ndi ng'ombe, udzu akupha ndi mankhwala, zotsala akupatsa aganyu. Nchito yacepa, koma mbale ya nsima sinacepe. Tiyi ndi wa masupuni atatu a shuga, ndiwo n'zamafuta ndi mcere wambiri. Mimba ikatuluka, anthu amayamba kukuchulani kuti bwana, inu n'kumaona ngati ndi ulemu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa sabata. Zimenezi ndi theka la ola tsiku lililonse kwa masiku asanu, kuyenda kondawala kumene kumakupumitsani mofulumira koma muli kuthabe kulankhula. Munthu akayenda motero, mtima umalimba, mitsempha imamasuka, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsika. Minofu ya m'miyendo imatenga shuga m'magazi n'kumugwiritsa nchito. N'cifukwa cake kuyenda pang'ono mutatha kudya kumathandiza kwambiri odwala shuga. Tulo timabwera bwino, ndipo maganizo a ngongole ya feteleza amapepukako. Kuipa kwa BP n'kwakuti kawirikawiri siipweteka. Munthu amadzimva wamphamvu mpaka tsiku limene wagwa.

Mlimi ali ndi mwayi umene wa m'tauni alibe: kuyenda kwake kumamulipira kawiri. Cifikireni mbozi za nchembere zandonda za mtundu watsopano m'dziko muno kumapeto kwa 2016, alangizi akhala akutiuza kuti tiziyendera cimanga kawirikawiri cikangomera. Njira yake mukuidziwa: kudutsa m'munda mokhotakhota ngati cilembo ca W, kuima malo asanu, ndi kuyang'ana mapesi khumi pa malo alionse. Mufunafuna mazira pamasamba, timawanga toonekera kuwala pamene timbozi tapala tsamba, ndi zitosi zonga utuci m'kati mwa nsonga. Mazira ndi timbozi tating'ono mungathe kungotikanyanga ndi zala. Zikakula n'kubisala m'nsonga, ngakhale mankhwala amavutika kuzifikira. Zonsezi simungazione muli pa honda m'mphepete mwa msewu. Munda mukauona patali umaoneka wobiriwira mpaka utatha. Woyenda pansi ndiye amaona kaufiti atangoturuka, mzere umene madzi ayamba kudula, ciswe pa tsinde, ndi pamene mbuzi za eni ake zaboola mpanda.

Mawu angawa sindikulozetsa kwa amayi amene m'mawa uliwonse asenza ndowa kucokera kudirawo, madzulo mtolo wa nkhuni. Iwo akuyenda kale, mwina mopitirira, ndipo katundu wa pamutu akuwapweteka khosi ndi msana. Ngati honda ili pakhomo, ndiyo izinyamula zigubu zimenezo, bambo ayende pansi kupita kumunda. Kunyumba zambiri zinthu zili mozondoka.

Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Amene anapatsidwa mapilitsi a BP kapena a shuga asasiye cifukwa wayamba kuyenda. Amene amamva kupweteka m'cifuwa, cizungulire kapena befu akangoyenda pang'ono, ayambe wafika kukiliniki. Odwala shuga avale nsapato ndipo aziyang'ana mapazi awo madzulo alionse, pakuti munga ungathe kulasa iwo osamva, cilonda n'kukula. M'miyezi ya September ndi October yendani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ndipo tonse amene tadutsa zaka 40, tikapita kukiliniki ngakhale moperekeza mwana, tipemphe kuti atipime BP.

Kwa inu amene mukali pa maphunziro, ulendo wa m'mawa uja wozungulira minda ndi makola, umene ambiri mumaudandaula, ndi phunziro limene simudzalembapo mayeso. Mukabwerera kwanu mudzautenge pamodzi ndi mabuku anu, ndipo mudzaupatse ola lake, cifukwa cimene cilibe ola lake cimayamba kuiwalika mwezi woyamba.

Mnzathu uja ndinakamuona sabata yatha. Akuphunziranso kuyenda, ndodo kudzanja lamanja, mkazi wake kumanzere. Tsiku limenelo anafika pa citsime ca pamudzi n'kubwerera yekha. Honda yake ili m'khonde, yofundidwa ndi thumba la feteleza. Anandiuza kuti cimene akulakalaka n'cakuti mvula isanagwe akafike kumunda kwake ndi miyendo yake.