Musataye laisensi imene munalipira kale

Kompyuta ikayamba kuchedwa kapena ikagwidwa ndi mavairasi, amisiri athu ambiri mankhwala awo ndi amodzi: "Tiifomate basi, bwana." Ine sindikutsutsa zimenezo. Kuika Windows mwatsopano nthawi zina n'kumene kumachiza. Chimene chimandiwawa n'chakuti pakona ya sikirini pakangotuluka mawu oti Activate Windows, mmisiri amathamangira crack ngati kuti njira ina palibe.

Abale anga, malaputopu ambiri akaunjika amene timagula ku Limbe kapena ku Lilongwe amabwera ndi laisensi yeniyeni m'kati mwake. M'masiku a Windows XP ndi Windows 7, kiyi ya zilembo ndi manambala 25 inkalembedwa pa kapepala komata kunsi kwa makina. Kuyambira 2012, itabwera Windows 8, makampani monga HP, Dell ndi Lenovo anayamba kuisunga mu BIOS. Simuiona ndi maso koma ilipo, ndipo mtengo wake unalowa kale m'ndalama za makinawo. Mukaika Windows yoyenera n'kulumikiza intaneti, imatseguka yokha.

Nanga vuto limachokera kuti? Laisensi ya Home sitsegula Pro. Koma mmisiri ali ndi fulashi imodzi imene anaikonza kuti iziika Pro pa makina alionse, ati Pro ndiye yamphamvu. Wogulitsa zitenje kapena mwana wa sukulu akufuna Pro yachiyani? Laisensi yanu yabwinobwino imangogona m'katimo, inu n'kulipiranso kuti akuikireni yakuba.

Yakubayo ilinso ndi zake. Ma crack ambiri amanamiza Windows kuti ili m'kampani yaikulu, mwa njira yotchedwa KMS, ndipo chilolezo chotere chimatha pa masiku 180 chikapanda kuonjezeredwa. Kuti crack ilowe, kawirikawiri amayamba azimitsa antivirus. Tangoganizani, pa makina omwewo mumasunga mabuku a ngongole ndi mapasiwedi a kubanki!

Choncho musanasiye makina kwa mmisiri, lowani mu Settings, pitani pa Activation, muone ngati ndi Home kapena Pro, mulembe pa pepala, mumuuze kuti abwezeretse yomweyo. Lumikizani laisensiyo ku akaunti ya Microsoft. Ikhoza kudzakuthandizani tsiku limene adzasinthe motherboard. Mafayilo koperani kaye. Office ili ndi kiyi yakeyake, nayo imafufutika pofomata. Windows yeniyeni Microsoft imalola kuikopera ulere pa fulashi ya 8GB, kupatula bandulo, imene tonse tikudziwa mmene imalumira.

Kiyi yakale ya Windows 7 musaidalirenso, Microsoft inasiya kuilandira pa Windows 10 mu 2023. Nayo Windows 10 anaisiya pa 14 October 2025. Ngati makina anu alibe TPM 2.0 imene Windows 11 imafuna, funsani mmisiriyo ngati amatha kuika Ubuntu kapena Linux Mint, zimene sizifuna kiyi.