Za sayansi ku Dedza: ndalamazo zikulowera kuti?

Achinyamata anzathu, tamvani izi.

Mu 2024 ndalama za CDF zidakwera kuchoka pa K100 miliyoni kufika K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Tsono kafunseni ku Lobi, Mayani kapena Linthipe: ndi ma CDSS angati ali ndi labotale yeniyeni? Mwana akuloweza Chemistry ngati katekisimu, test tube amangoiona pa chithunzi, kenako akuluakulu n'kumadabwa kuti MSCE yamugwetsa. Zoona?

Malawi 2063 imakamba za sayansi ndi luso, koma ndalama zikabwera zimathera ma workshop kunyanja. Ma allowance basi. Timagulu ta kumudzi tophunzitsa ana masana, chithandizo timangochimvera pa wailesi.

William Kamkwamba adapanga magetsi a mphepo ku Wimbe atawerenga mabuku a m'kalaibulale kakang'ono. Ndalama zochepa zikafikadi pamudzi zimatero.

Lamulo la Access to Information lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Aliyense alembere khonsolo ya Dedza: tikufuna mndandanda wa magulu a sayansi amene adathandizidwa, zingati, liti. Akakuyankhani, jambulani mutumize kuno. Akakhala chete, tiuzeninso.

Gawani uthengawu m'magulupu onse.