Wakulanda Lamba Ndani, Mnyamata Iwe?

Palibe kholo limene silidziŵa mau akuti kukhwefula. Kuyambira ku Mzimba boma mpaka ku Edingeni, kutsikira ku Embangweni ndi ku Jenda, anyamata ambiri masiku ano akuyenda buluku lili m'munsi mwa chiuno, kabudula wam'kati ali poyera, mayendedwe ake ngati a bakha. Kale zinkathera pamsika ndi pamalo oonetsera vidiyo. Tsopano zafika pamaliro, pamaso pa apongozi, ndiponso pamzere wopita ku Ukaristia. Mukamfunsa mnyamatayo tanthauzo lake, yankho ndi limodzi: ndi fashoni. Koma fashoni sagwa kumwamba ngati mvula. Aliyense ali ndi kwao kumene adabadwira, ndipo uyu kwao ndi kundende.

Ambiri amene adalondola mbiri ya mavalidwe ameneŵa amaloza ku ndende za ku America. Munthu akamangidwa kumeneko amamlanda lamba, nthaŵi zina ndi zingwe za nsapato zomwe, kuopa kuti angadzimangirire kapena kupweteka nazo mnzake. Yunifolomu ya mkaidi sayesa ndi telala. Wochepa thupi akapatsidwa buluku la munthu wonenepa, lamba alibe, buluku lija limatsika lokha, ndipo mwini wake alibe chonena. Ife kuno sitifunika kuwoloka nyanja kuti timvetse zimenezi. Aliyense amene adakaperekako chakudya kwa mbale wake kupolisi adziŵa kuti munthu asanaloŵe m'chitokosi amayamba wavula lamba ndi nsapato. Buluku logwa ndi chizindikiro chakuti munthuyu salinso mwini wa thupi lake. Ena ndiwo akumuuza nthaŵi yogona, yodzuka ndi yopita kuchimbudzi.

Nanga chinthu chochititsa manyazi chotere chidasanduka bwanji chonyadira? Dziko la America kwa zaka zambiri lakhala likusunga anthu pafupifupi mamiliyoni aŵiri m'ndende, ndipo anthu akuda, amene ndi ochepa m'dzikomo, ndiwo achuluka m'ndendemo mopitirira muyeso wa chiŵerengero chao. M'madera osauka a mizinda ngati Los Angeles ndi New York mudafika poti mwana amakula akuona atate ake, mkulu wake ndi anzao akuloŵa ndi kutuluka m'ndende. Wobwerako ankaopedwa, ndipo ana ankayesa kuopedwako ndi ulemu, nayamba kutengera mavalidwe ake. Ena amawonjeza kuti umphaŵi nawo udathandiza, pakuti mwana wosauka amavala buluku losiyiridwa ndi mkulu wake lisanamkwane. Zonse ziŵiri, ndende ndi umphaŵi, ndi mabala. Anthu aja adatenga bala lao nalisandutsa chodzitamira chifukwa adalibe china chodzitamira nacho. Tingawamvere chisoni, koma sitiona chifukwa choti mwana wa ku Edingeni adzicheke yekha kuti akhale ndi chipsera chofanana ndi chao.

Kuchokera m'makwalala mchitidwewu udaloŵa m'nyimbo za hip-hop chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo a malonda sadachedwe kumva fungo la ndalama. M'chaka cha 1992 kampani ya zovala ya Calvin Klein idalemba ntchito woimba wina wachizungu, Mark Wahlberg, amene ankadziŵika kale ndi kugwetsa buluku poimba, kuti ajambulidwe potsatsa makabudula am'kati okhala ndi dzina la kampaniyo pamkombero wa m'chiuno. Taganizani bwino pamenepa, aŵerengi. Dzina lolembedwa pa chovala cham'kati silingaŵerengeke pokhapokha buluku litatsika. Choncho chimene chidayamba ngati tsoka la mkaidi chidakhala msika wa anthu olemera. Mnyamata wathu akagula kabudula wa dzina pa kaunjika nakhwefula kuti dzinalo lioneke, wasanduka chikwangwani choyenda cha munthu amene sadziŵa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Edingeni, ndipo chikwangwanicho chadzilipirira chokha.

Kuno kwathu zidafika ndi ufulu wa m'zaka za m'ma 1990, pamene nyumba zoonetsera vidiyo zidamera pamsika uliwonse. Wailesi ya kanema ya boma idatsegulidwa mu 1999, ndipo lero kanemayo ali m'thumba la mwana aliyense amene ali ndi foni. Koma boma la Mzimba lili ndi khomo linanso loloŵera zachilendo, ndilo msewu wa ku Joni.

Msewu umenewu si wa lero. Azigogo athu adauyenda wapansi. Atate athu adapita pa Wenela, kenaka pa Theba. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalaŵi oposa 70, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Kulembako kudayambanso mu 1977 mpaka kudatheratu mu 1988, koma anthu a ku Mzimba sadaleke kupita paokha. Tsono tsegulani masutikesi akale m'nyumba za kwathu kuno, muone zithunzi zimene amuna aja ankatumiza. Munthu ali chiimire mu suti, tayi pakhosi, chipeŵa pamutu, nsapato zikuŵala, buluku lili ndi mpeni wa simbi. Anthu ameneŵa kumigodi ankavulidwa maliseche pagulu poyesedwa m'thupi, ankagona mothithikana m'makomponi, ndipo bambo wa ana asanu ankaitanidwa ngati kamnyamata. Manyazi a kuvulidwa ankawadziŵa bwino kuposa woimba aliyense wa pa vidiyo. N'chifukwa chake atangogwira ndalama yao yoyamba ankathamangira kwa telala, kuti aliyense wowaona adziŵe kuti uyu ndi munthu. Iwo adavulidwa ndi ena nadziveka okha. Adzukulu ao palibe wawavula, koma akudzivula okha, naganiza kuti apita patsogolo.

Tidamva anyamata ena ochenjera pakamwa akuyankha kuti: nanga makolo athu Angoni sankavala zikopa? Nanga ku Hora, pa mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti, amuna savina ingoma zifuwa zili pamtunda, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa yemwe? Funsoli n'labwino, ndipo lisayankhidwe ndi mbama. Pitani mukaone m'mene wovina ingoma amadzikonzera. Chikopa chilichonse amachimanga zolimba m'chiuno, pakuti dzanja lamanzere ndi la chishango, lamanja ndi la chibonga, ndipo phazi liyenera kugunda pansi mpaka fumbi koboo. Palibe dzanja lachitatu logwiriza chovala. Anthu amene adawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku lija la kadamsana, sakadafika kutsidya akadakhala akukweza zovala pa phazi lililonse. Nkhani si kuchuluka kwa nsalu. Chovala cha Mngoni chinali cha munthu wokonzeka: kuyenda, kulondola ng'ombe, kuteteza mudzi. Buluku lokhwefula ndi la munthu amene manja ake alibe ntchito. Simungapalire nalo chimanga, simungamange nalo ng'ombe pangolo, ngakhale kupalasa njinga ya kabaza kuchoka ku Edingeni kupita kuboma limakukanani.

Titanena zimenezi, tili ndi mau kwa akuluakulu anzathu, pakuti mankhwala ena amene tikumva akutchulidwa ndi oipa kuposa nthenda.

Oyamba ndi bodza. Pali nkhani imene yafala, ndipo ena aifikitsa ngakhale paguwa, yakuti m'ndende za ku America kukhwefula chinali chizindikiro cha mkaidi woitana amuna anzake kuti agone naye. Amene adaifufuza nkhaniyi sadapeze umboni wake. Oinena amati cholinga chao n'chabwino, afuna kuwachititsa manyazi anyamata kuti aleke. Koma mwana wa lero ali ndi foni, ndipo tsiku limene adzapeze kuti mudamnamiza pa za buluku, adzayamba kukayika zimene mudamuuza za moŵa, za chamba ndi za Mulungu yemwe. Choona chenicheni, chakuti adatengera chovala cha munthu wolandidwa ufulu, n'cholemera kale mokwanira. Sichifuna kuthiridwa ndiwo zabodza.

Mankhwala achiŵiri ndi lamulo. Ena akuti mafumu aike chindapusa, apolisi azigwira aliyense wokhwefula. Ku America komweko adayesa. Mu Juni 2007 katauni ka Delcambre m'chigawo cha Louisiana kadalamula kuti woonetsa chovala cham'kati alipe madola 500 kapena akhale m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Mzinda wa Shreveport m'chigawo chomwecho udaika lamulo lake chaka chomwecho. Pofika 2019 anthu oposa 700 anali atagwidwa nalo, pafupifupi onse amuna akuda, ndipo mu Febuluwale chaka chimenecho munthu wina adafa ndi chipolopolo wapolisi atamthamangitsa chifukwa cha buluku. Mu Juni akuluakulu a mzindawo adalichotsa lamulolo. Barack Obama, atafunsidwa za nkhaniyi pa kanema mu 2008, adati anyamata akweze mabuluku ao polemekeza amai ao ndi agogo ao, koma adatinso kupanga malamulo a zimenezi n'kutaya nthaŵi. Ndipo pali chinthu choseketsa chikadapanda kukhala chomvetsa chisoni: mnyamata womangidwa chifukwa chokhwefula akafika m'chitokosi, choyamba kumlanda ndi lamba.

Ifenso Amalaŵi njira imeneyi tidaiyenda. Lamulo la mavalidwe la 1973 lidaletsa amai kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ndipo mabuluku otambalala kumapazi anali mlandu. Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, koma mtima wake udatsala. Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre adavula amai pamsewu masana, ati pofuna kuteteza chikhalidwe, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika adachita kulankhula pa wailesi kuti amai ali ndi ufulu wovala chimene afuna. Anthu ovula mayi pagulu m'dzina la ulemu! Mukapatsa chigulu cha anthu chilolezo choŵeruza chiuno cha mnzao, sichiima pamene inu mwafuna. Lero ndi mnyamata wokhwefula, maŵa ndi mwana wanu wamkazi akuchokera kusukulu.

Tsono ntchitoyi ndi ya yani? Mayi wina wa ku England, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndipo buku lake la 1959 lonena za kaleredwe kao adalitcha Children of Their Fathers, ndiko kuti ana a atate ao. Adaona bwino. Mnyamata wa Chingoni ankaphunzira umuna kukhola, kumphala ndi pachipata pamene amuna ankadyera pamodzi. Pamenepo ndi pamene ankauzidwa kakhalidwe pamaso pa akulu, kalandiridwe ka chinthu ndi manja aŵiri, ndi kavalidwe. Lero m'midzi yambiri ya kumwera kwa Mzimba mwadzaza nyumba za malata zokongola, zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, koma eni ake amaoneka kamodzi pa zaka zitatu kapena zinai, ena osaonekanso. Sitikuwanyoza abambo ameneŵa. Sadapite kukaseŵera, ndipo ena adaona zoopsa mu 2008 ndi mu 2015 pamene alendo ankasakidwa ngati nyama, ena adagonako ku Lindela podikira kubwezedwa kumudzi. Koma mwana amene atate ake amawadziŵira pa chithunzi cha pa foni adzafuna mwamuna wina womtsanzira, ndipo foni yomweyo imene atate adatumiza ndiyo idzampatsa. Watha Fomu 4, ntchito palibe, akungodikira pasipoti. Iyenso amadzimva ngati wotsekeredwa, ndipo mwina n'chifukwa chake chovala cha mkaidi chikumkwana mumtima.

Kwao kwa Angoni mwana sasoŵa atate. Alipo atate aakulu ndi atate aang'ono, alipo agogo aamuna, ndipo kwa ife alipo amene adamuimira pa ubatizo nalonjeza pamaso pa mpingo kuti adzathandiza kumlera. Ameneŵa ndiwo amuitane mnyamatayo pambali, osati pakhomo la tchalitchi anzake akuonerera, amuuze mbiri yonse monga iliri, amuonetse chithunzi cha agogo ake atavala suti ku Johannesburg, ndipo amfunse mofatsa kuti wamlanda lamba ndani. Bambo amene ali ku Joni, poika foni ndi nsapato m'katundu wopatsira matransipota, aikemonso lamba, ndipo aimbe foni kufunsa ngati wamkwana.

Miphakati yathu nayo ili ndi mwai pafupi. Ku Mzimba boma kuli ndende, ndipo kuyendera akaidi ndi ntchito yachifundo imene tidaphunzira pa katekisimu. Kaŵirikaŵiri amapita ndi amai okhaokha, atasenza ufa ndi sopo. Ulendo wina pemphani chilolezo kwa oyang'anira ndende, mutenge achinyamata a m'parishi, iwo ndiwo asenze katunduyo. Akacheze ndi anzao a msinkhu wao amene ali m'katimo, aone zimene amavala, amve m'mene tsiku limatalikira. Ndipo ngati pali wina wa m'mudzi mwanu amene adagonako m'chitokosi, mfunseni chimene adachita apolisi atambwezera katundu wake m'maŵa wotuluka. Adzakuuzani kuti sadatuluke pakhomo asanamange lamba.