Woimbira sanalakwe pothetsa nkhonya ya Meldrick Taylor

Pa 17 Malichi 1990 ku Las Vegas, woimbira Richard Steele anathetsa nkhonya ya Julio César Chávez ndi Meldrick Taylor kutangotsala masekondi awiri kuti raundi ya 12, yomaliza, ithe. Majaji awiri mwa atatu anali atapatsa kale Taylor mapointi ochuluka. Belu likanangolira, Chávez wa ku Mexico, yemwe anali atapambana nkhonya 68 osagonjapo, akanalawa kugonja koyamba. Okonda nkhonya ambiri amati Taylor anaberedwa. Ine ndimati Steele anagwira ntchito yake, ndipo woimbira aliyense aziteronso.

Ambiri amene amakuwa m'mbali mwa bwalo amangodziwa mbali imodzi ya lamulo, yoti wagwa akalephera kudzuka woimbira asanafike pa 10, ndiye knockout. Koma lamulo silithera pamenepo. Munthu akadzuka msanga, woimbira amawerengabe mpaka pa 8, mnzake ataima pakona yomwe si ya aliyense. Akamaliza kuwerenga amamuyang'ana m'maso, amamufunsa, nthawi zina amamuuza kuti ayende kubwera kwa iye. Akaona kuti miyendo yaima koma mutu sunabwerere, amathetsa nkhonyayo, ndipo imeneyo ndiyo TKO. Kudzuka kumangopatsa munthu mwayi woti ayesedwe, si chilolezo choti apitirize.

Onani mmene zinakhalira usiku umenewo. Chávez anamuponyera chibakera cha kumanja, Taylor n'kugwera pakona. Anadzuka atagwira chingwe, maso atatupa, magazi akutuluka m'kamwa. Steele anafika pa 8, anamuyandikira nkhope ndi nkhope, n'kumufunsa kawiri ngati ali bwino. Taylor sanayankhe. Maso ake anapita kwina, cha kumene mphunzitsi wake Lou Duva anali atakwera m'mphepete mwa bwalo. Woimbira amene wafunsa kawiri osamva yankho atani? Alole munthu woteroyo akumanenso ndi Chávez?

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindiipeputsa. Amati nyale yofiira yosonyeza kuti nthawi yatsala pang'ono inali kuthwanima pakonapo, ndipo Chávez sakanakwanitsa kudutsa bwalo n'kumenyanso m'masekondi awiri. Mwina n'zoona. Zimandipweteka ndikaganiza za mnyamata wa ku Philadelphia ameneyu, amene anatenga mendulo ya golide pa Olimpiki ya 1984 ku Los Angeles ali ndi zaka 17, n'kumenya nkhonya yokongola chonchija kwa maraundi 11. Koma wosunga nthawi alipo, ali ndi wotchi ndi belu. Woimbira tinamulowetsa m'bwalo kuti aziyang'ana munthu. Tikamuuza kuti aziyang'ananso wotchi ndi kuganizira amene akutsogola pa mapointi, ndiye kuti lamulo lomwelo lizisintha malinga ndi raundi. Pa masekondi awiri tilola. Nanga pa asanu? Nanga pa 10, pamene chibakera chimodzi chingakwanire bwinobwino? Dokotala saleka kuyang'ana wodwala chifukwa choti nthawi yoweruka yayandikira.

Ndipo Taylor sanali bwino. Atapita naye kuchipatala anamupeza atathyoka fupa la pafupi ndi diso, atamezanso magazi ambiri. Majaji ankawerenga zibakera zofulumira za Taylor, pamene zolemera za Chávez zinkamuphwanya pang'onopang'ono, ndipo zimenezi sizinaoneke pa mapepala a mapointi. Anaziona ndi munthu amene anaima naye pafupi. Taylor anapitiriza nkhonya mpaka 2002, ndipo pambuyo pake anthu anadzidzimuka kumumva akulankhula movutikira pa wailesi ya kanema.

Wina angati woimbira wotere amapha masewera. Ayi. Pa 1 Disembala 2018 ku Los Angeles, Deontay Wilder anagwetsa Tyson Fury chagada m'raundi ya 12, ambiri n'kuganiza kuti zatha. Woimbira Jack Reiss sanathamangire kuthetsa. Anawerenga, Fury anadzuka, anayankha, anayenda monga anauzidwira, ndipo nkhonya inapitirira mpaka majaji anagamula kuti afanana mphamvu. Mayeso anali omwewo. Fury anakhoza, Taylor sanakhoze.

Malamulo amenewa sanangobwera. Mu Novembala 1982, Duk Koo Kim wa ku South Korea anagwetsedwa ndi Ray Mancini m'raundi ya 14 ku Las Vegas komweko, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa chifukwa chovulala mu ubongo. Imfa imeneyi itachitika, bungwe la WBC linachepetsa maraundi a nkhonya yolimbirana lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo mabungwe ena anatsatira. Steele ankaimbira mu mzinda umene unaona imfa imeneyo.

Ngakhale pakona pamafunika mtima womwewu. Mu Novembala 2016, katswiri wathu Isaac Chilemba atavulala mkono pomenyana ndi Oleksandr Gvozdyk, nkhonya inathera pakona raundi ya 8 itatha. Palibe wanzeru amene anamutcha wamantha, ndipo anabwereranso m'bwalo.

Tsono inu amene mumalipira pakhomo kukaonera nkhonya, woimbira akathetsa nkhonya munthu wanu akadali chiimire, musamuponyere mabotolo kapena kumutukwana. Iye waona maso a wankhonyayo chapafupi, inu muli kutali. Ndipo inu oimbira, mukafunsa munthu ngati ali bwino iye osayankha, ithetseni pomwepo, kaya ndi raundi yoyamba kaya kwatsala sekondi imodzi.