Phokoso Lisatilande Tulo

Mlimi akamakonzekera caka amawerengera mbewu, feteleza, mvula ndi ng'ombe, koma tulo sawerengera. Komatu dzanja loyeza mankhwala ndi logwira pulawo limadalira mutu wopumula. Ife tikuona kuti tulo tiyenera kutetezedwa monga munda, ndipo mdani wake wamkulu masiku ano ndi phokoso.

Usiku wa kumudzi sulinso wa zii ngati kale. Cigayo cimalira mpaka pakati pa usiku cifukwa magetsi abwera mocedwa, jenereta imabangula akathima, nyimbo za kumowa zimafika kutali, ndipo okhala m'mbali mwa Great East Road amagona ndi mkokomo wa malole. M'nyumba zogona ophunzira muli mafoni, wailesi ndi mkonono.

Ambiri amati, "Tinazolowera." Maganizo angazolowere, koma khutu lilibe cikope. Munthu ali m'tulo ubongo umamvabe, mtima umagunda mofulumira, ndipo tulo tofa nato timasanduka topepuka ngakhale mwini wake asadzuke. N'cifukwa cake wina amakhala pamphasa usiku wonse koma n'kudzuka thupi lili lefu. Wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 1999 kuti phokoso losalekeza m'cipinda cogona lisapitirire madesibelo 30, pafupifupi ngati kunong'ona, pamene kuceza wamba kumafika ca m'ma 60.

Kusowa tulo kuli ndi mtengo wake. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Palibe mwa ife amene angalole woledzera kusakaniza mankhwala opopera thonje kapena kuyandikira lamba wa cigayo. Nanga wosagona timamulolera bwanji?

Nkhondo ya phokoso iyambire kumene likucokera. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso la makina limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Conco jenereta, pampu ndi cigayo ziikidwe kutali ndi nyumba zogona, ndipo jenereta isalowe konse m'nyumba, pakuti utsi wake umapha. Mpanda wa udzu kapena mzere umodzi wa mitengo umabisa makina kumaso cabe. Cimene cimatsekereza phokoso ndi cinthu colemera, monga khoma la njerwa kapena mulu wa dothi. Inu amene mukumanga, cipinda cogona cikhale mbali yosayang'ana msewu, ndipo matani mipata ya m'mazenera ndi pansi pa citseko.

Phokoso la anthu limatha ndi pangano. Ogona nyumba imodzi agwirizane ola lozimitsa wailesi, ndipo wofuna nyimbo avale tomvera m'makutu. Kumudzi, nkhani ya cigayo, mowa, ngakhalenso zokuzira mawu za pa misonkhano ya usiku, ipite mwaulemu kwa mwini wake, ikakanika ipite kwa amfumu. Lamulo la zacilengedwe la 2011, limene bungwe la ZEMA limayang'anira, limaika phokoso m'gulu la zoipitsa malo. Kupempha bata si njiru.

Pali zina zimene munthu angacite payekha. Totseka m'makutu ta siponji, togulitsidwa m'masitolo a mankhwala ndi a zipangizo, timathandiza kuposa thonje. Phokoso losasinthasintha, monga la fani, limaphimba kuuwa kwa galu ndi kumenyetsa kwa citseko, pakuti codzutsa munthu kwambiri ndi phokoso ladzidzidzi. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisiyidwe dzuwa likapendeka, popeza theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Mowa umagwetsa munthu msanga koma umadula tulo mbandakuca. Usiku ukaipa, kugonako mphindi 20 masana kumabweza nzeru.

Ena adzafunsa kuti, "Tikatseka makutu, adzamva akuba kukhola ndani?" Funsoli n'loona, ndipo yankho lake ndi kusinthana ulonda. Mmodzi akhale cheru, enawo agone, mawa asinthane. Banja lonse likamagona khutu limodzi lili kukhola, palibe amene walonda bwino, palibenso amene wapumula.

Tisanayambe nyengo ina ya dzinja, aliyense wa ife apeze phokoso limodzi limene angalisunthe, kulichinga kapena kulikambirana ndi anzake, ndipo ayambe ndi limenelo.