Mbale ya agogo ili ndi mitengo iwiri

Loweruka lina m'nyengo yachisanu ndidaima pa benchi ya bambo wina wogulitsa katundu wakale mumsika waukulu wa ku Lilongwe. Pakati pa masimbi a makala, mawayilesi akufa ndi mabuku othothoka zikuto padali katoni ya mbale, osati zodyerapo nsima ayi, koma zakuda zija zoimba pa galamafoni. Kusonkhanitsa mbale zoterezi ndi nthenda imene idandigwira zaka 8 zapitazo, ndipo a kunyumba adatopa nako kundifunira mankhwala. Ndidasolola imodzi ya Jim Reeves, yokalikakalika ngati kunsi kwa mphika, n'kufunsa mtengo.

"K60,000, akulu," adatero mwini benchi osaphethira n'komwe. "Zimenezi azungu akuzisaka. Ndidaona pa foni."

Sindidawapsere mtima bambowa chifukwa adamva theka la nkhani yoona. Mbale zina zochokera m'chigawo chathu chino zilidi ndi mtengo wochititsa kaso, koma Jim Reeves sali m'gulu limenelo. Mkuluyu, amene adamwalira pa ngozi ya ndege m'chaka cha 1964, mbale zake zidadindidwa miyandamiyanda, ndipo kuno kwathu nyumba zambiri zokhala ndi choimbira zidali nazo. Chinthu chopezeka paliponse sichikwera mtengo chifukwa chongokalamba.

Zimene akunja akusaka zenizeni n'zina. M'zaka za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko la Zambia, Kenneth Kaunda, adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za oimba a m'dzikomo. Anyamata a ku migodi ya kopa ndi a ku Lusaka adadzuka ndi magitala amagetsi, ndipo kudabadwa chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock: gulu la WITCH, la Amanaz, la Musi-O-Tunya, ndi la Ngozi Family la malemu Paul Ngozi. Zambiri mwa mbale zawo zinkadindidwa ku Ndola, ku kampani ya Teal, ndipo poyerekeza ndi za oimba a ku America zidali zochepa kwambiri. Kenaka mtengo wa kopa udagwa, makaseti adalanda msika, Edzi idatenga oimba ambiri, ndipo matepi ambiri oyambirira adasowa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itayamba kutulutsanso nyimbozi cha m'ma 2010, dziko lidatsegula makutu. Lero mbale yoyambirira ya Amanaz yotchedwa Africa, ya m'chaka cha 1975, ikakhala yosamalika bwino imagulidwa madola mazanamazana. Emanuel "Jagari" Chanda wa WITCH, amene adafika pokumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya, adabwereranso pa nsanja ndipo gululi lidatulutsa chimbale chatsopano m'chaka cha 2023.

Kodi tsono mtengo wa mbale umachokera kuti? Choyamba pakhale anthu oifuna, chifukwa mbale yosowa imene palibe woilakalaka ndi phale chabe. Chachiwiri ikhale yosowadi, ndiponso yodindidwa koyamba, osati yobwereza ya zaka zaposachedwa. Koma chimene ogulitsa ambiri a m'misika mwathu safuna kumva ndi chachitatu: maonekedwe ake. Mlimi wa fodya sangadabwe nazo izi. Belo la masamba abwino ndi belo la zinyenyeswa onse ndi fodya, koma ku okushoni sagulidwa mofanana. Mbale nazo zili ndi magiredi ake. Yong'anima, yopanda chipsera, yokhala m'chikuto chake chenicheni, ikhoza kuposa kakhumi mtengo wa inzake ya nyimbo zomwezo imene ana ankaseweretsa pabwalo. Ndipo wogula asakhutire ndi chikuto. Ine ndidalipirapo ndalama zambiri chifukwa cha chithunzi chokongola cha kunja, kufika kunyumba n'kupeza kuti m'kati muli mbale ya nyimbo zina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali msampha winanso pa foni paja. Mtengo umene munthu walemba pa intaneti ndi umene iye akulakalaka, osati umene wina walipira. Pa Discogs, pamene osonkhanitsa mbale a m'maiko ambiri amagulitsirana, mbale iliyonse ili ndi tsamba lake losonyeza mtengo wotsikitsitsa, wapakati ndi wokwereratu umene idagulidwapo kale. Woyang'ana nambala yaikulu yokhayo ali ngati mlimi amene wamva mtengo wa mtedza wa m'sitolo ya ku Johannesburg n'kumaukakamira pa msika wa ku Mchinji, kuiwala mayendedwe ndi kusankha komwe.

Komabe amene amandidetsa nkhawa si wa pa benchi uja. Iye ngakhale atakweza mtengo mopenga, choipa chimene chingamugwere n'choti katundu amutsalira. Amene amaluza ndi wa kumudzi.

M'midzi yambiri ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete muli masutikesi achitsulo amene adabwera ndi abambo ochokera ku Joni, ku Halale ndi ku migodi ya kopa. Munthu wobwera ku Wenela ankadziwika ndi njinga, chikhoti ndi galamafoni yopukusa, ndipo mbale zake zinkasonkhanitsa mudzi wonse madzulo. Eni ake ambiri adatsikira kuli chete, masutikesi adatsala pansi pa bedi. Ndiye pamafika mlendo waulemu, wodziwa kupereka moni, n'kunena kuti akuthandizani kuchotsa zinyalalazi, atenga sutikesi yonse pa mtengo umodzi. Alimi inu munthu ameneyu mukumudziwa. Ndi venda yemwe uja amafika ndi sikelo yake m'mwezi wa April chimanga chisanaume, podziwa kuti m'nyumba mulibe sopo. Iye akudziwa mtengo wa kumene akupita, inu simukuudziwa, ndipo phindu lake lonse lagona pamenepo.

Pano ndiyenera kuulula. Zaka zingapo zapitazo, ndili pa ntchito m'boma lina la m'malire, mayi wina wachikulire adamva kuti ndimakonda "zoimba zakale" ndipo adanditulutsira mbale 14 za malemu amuna awo. Pakati pake padali imodzi ya ku Ndola imene ndidaizindikira nthawi yomweyo, mtima n'kugunda. "Mwana wanga, ingondipatsa ya shuga," adatero. Ndidapereka yoposa ya shuga, koma yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinkadziwa, ndipo m'galimoto ndidadzitonthoza kuti ndazipulumutsa ku chiswe. Ulendo wotsatira ndidawonjezera ndalama n'kuwafotokozera chifukwa chake. Agogowo adaseka, nati akadadziwa akadayamba afunsa mdzukulu wawo wa ku tauni. Adanena zoona. Safunsa adadya phula, koma tsiku limenelo wowadyetsa phulayo ndidali ine.

Alangizi ndi ena ogwira ntchito m'midzi, apa foni yanu ikhoza kugwira ntchito yofanana ndi ija youza alimi mitengo ya mbewu. Banja likafuna kugulitsa, jambulani kapepala kozungulira ka pakati pa mbale iliyonse, pamene pali dzina la woimba, la kampani ndi nambala, ndipo fufuzani imodziimodzi. Musalole kugulitsa mwachipiku musanadziwe chili m'katimo, chifukwa kawirikawiri pa mbale 20 imodzi yokha ndiyo yabweretsa wogulayo, zinazo ndi zophimbira. Wogula woona mtima sathawa mukamuuza kuti abwerenso sabata yamawa. Dziwaninso kuti wogula mbale wagula chinthu chogwirikacho basi. Ufulu wodindanso nyimbozo n'kumazigulitsa ndi nkhani ina, ndipo ana a oimba angafunse ku COSOMA ku Malawi kapena ku ZAMCOPS ku Zambia.

Kusamala mbale sikulira ndalama. Ziimikeni chilili ngati mabuku, musazisanjikize, ndipo zikhale kutali ndi dzuwa, moto ndi chinyontho. Fumbi lichotseni ndi kansalu kofewa konyowetsa m'madzi oyera, osakhudza kapepala ka pakati. Zakale kwambiri zija, zolemera ndi zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pa mphindi, zisakhudzane ndi sipiriti chifukwa amazisungunula. Zopepuka za 45 ndi 33 musaziike pa galamafoni yopukusa. Singano yake yachitsulo imalima mizere ya nyimbo ngati khasu.

Zilipo zina zimene Discogs sidzazipatsa mtengo wooneka, koma ine ndikadapempha kuti zisachoke m'banja: kwaya ya mpingo wa kwanuko, woimba bango kapena banjo wa m'dera lanu, nyimbo za Alick Nkhata zimene makolo athu ankamvera pa wayilesi ya ku Lusaka. Hugh Tracey, amene adajambula nyimbo m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, adakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music m'chaka cha 1954, ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. N'zabwino kuti mawu a makolo athu adasungika kumeneko, koma kuchokera ku Dedza n'kutali.

Mwezi watha ndidadutsanso pa benchi ija. Jim Reeves adali pompo, atamutsamiritsa pa simbi kuti odutsa amuone, dzuwa la masana likumuomba, ndipo m'mphepete adali atayamba kupindika ngati chipapa. Ndidawauza bambo aja kuti amulowetse mumthunzi. Adamulowetsa, n'kundiuza kuti popeza ndine kasitomala wawo, andichotserako K5,000.