Kamera Yoona Nkhungu Dzuwa Lili Paliwombo

Alamu anga atapuma ntchito pa mgodi wina wa ku Shurugwi, anatenga ndalama za thukuta la zaka 30 n'kupita nazo ku Harare kukagula galimoto. Tsiku limene inafika kuno ku Mkoba, amayi a mumsewu wathu anaiimbira nthungululu ngati mkwatibwi. Wogulitsa anali atalumbira kuti ndi yatsopano, ndipo mipando yake inali idakali m'mapulasitiki. Koma kutacha, alamu atati aibweze m'mbuyo kuti atuluke pageti, kagalasi koonetsa za kumbuyo kanangoti mbuu, nkhungu yokhayokha. Mdzukulu wawo, amene ankasewera kuseri kwa galimotoyo, anaoneka ngati chitsa. Chimene chinamupulumutsa ndi mfuu ya mlongo wanga.

Atamuimbira foni wogulitsa uja, anawayankha moseka kuti kamera n'chokometsera chabe, ndipo anawafunsa ngati khosi lawo linasiya kutembenuka. Yankho limeneli ndi limene landigwiritsa cholembera.

Kamera ya kumbuyo si mkanda wa m'khosi. Ku America, kuyambira mu May 2018, galimoto iliyonse yatsopano imayenera kukhala nayo mwalamulo, chifukwa ana ambiri ankapondedwa pakhomo pawo pomwe ndi makolo awo amene sankawaona. Mu 2025 kampani ya Ford inaitanitsa galimoto zoposa 1 miliyoni kuti zikakonzedwe ulere chifukwa chithunzi cha kamera chinkaima kapena kuzimiratu. Kumeneko chithunzi chosaoneka bwino ndi mlandu wa wopanga; kuno akuti ndi kulongolola kwa nkhalamba. Kodi mwana wa ku Mkoba ndi wotchipa motero? Bwerani madzulo mudzaone timisewu tathu: nyumba zothithikana, ana akuthamangitsa mpira wachikulunga, magetsi atazima, woyendetsa akuzemba maenje. Ngati pali malo ofunika diso lakuthwa kumbuyo kwa galimoto, ndi kuno.

Nkhunguyo inali chiyambi chabe. Mkati mwa sabata, zenera la kumanzere linakana kukwera, batire inayamba kugona usiku osadzuka m'mawa, ndipo kagalasi kaja kanapezeka kuti kamalankhula Chijapanizi chokhachokha. Wailesi nayo inaulula chinsinsi. Mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zimafika mpaka pa 108. Choncho alamu amangomva masiteshoni owerengeka, kwinako phokoso ngati la mvula padenga la malata. Chikomekome cha mkuyu! Galimoto "yatsopano" ija inali itakalamba kale m'misewu ya kutsidya kwa nyanja, n'kungoivekanso mapulasitiki. Chowawitsa mtima n'chakuti mu 2025 boma linalamula kuti mwini galimoto azilipira laisensi ya wailesi ya ZBC, madola 92 a ku America pachaka, asanapatsidwe laisensi ya pamsewu. Alamu analipira, n'kumamvetsera mvula.

Sindikunyoza galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi zimene zanyamula dziko lino, ndipo boma lenilenilo mu 2021 linangoletsa zopitirira zaka 10. Chimene ndikukana ndi bodza, ndiponso kufatsa kwathu kumene kumalinenepetsa. Alamu atadandaula, achibale ena anawalangiza kuti angothokoza Mulungu poti anzawo akuyenda wapansi. Mawu amenewa ndimawadziwa gwero lake. Ndife zidzukulu za anthu amene anayenda ulendo wa pansi kuchokera ku Nyasaland kudzakumba miyala ku Selukwe ndi ku Shabani, ndipo m'makomponi anaphunzira kuti mlendo sakweza mawu. Anatisiyira Gule Wamkulu ndi chinenero, komanso anatisiyira mantha. Komatu malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, ndipo lamulo loteteza ogula la 2019 limati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino ndi wosaika moyo pachiswe. Ulendo wathu unatha kalekale. Tikunong'onezanabe chifukwa chiyani?

Lolemba likubwerali alamu akwera basi ya ku Harare, lisiti ili m'thumba la jekete, ndipo ine ndiwaperekeza. Galimoto yatsala pansi pa mtengo wa mango, itayang'ana kugeti, kuti aliyense woiliza asayambe ndi kubwerera m'mbuyo.